Mbale ya Pakati pa Tebulo

1. Khola lopanda ng'ombe

Chaka cha 1996 chinayamba moipa kwa Magodi. Matenda a chigodola anali atapsereza ng'ombe m'makola ambiri, ndipo kwa a Eston Zimba zinafa zonse, mpaka nkhunzi yakuda imene ankainyadira ija. Mitengo ya khola inayamba kugwa umodziumodzi. Mwini wake sankaidzutsa, ankangoilambalala popita kumunda.

Koma m'nyumba yomweyo munalowa uthenga wokoma. Yunike, mwana wawo wachisamba, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anakhoza mayeso a Giledi 9 ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yogonera komweko. M'mudzi monsemo palibe mtsikana amene anafikapo pamenepo. Chotsala chinali chimodzi chokha: apite ku boma, akamupime kuchipatala, adokotala adinde fomu, kenako Lolemba akayambe sukulu.

Tsono pa mtsikanayu panalinso maso ena. A Bornwell Mtonga, bambo wokwatira, wa ana asanu, anali atalemera ndi miyala ya mtengo wapatali ija imene anyamata ankakumba kumapiri. Ankaigula kwa okumba n'kukaigulitsa kwa alendo akunja amene ankabwera pa boma zaka zimenezo. Anali ndi vaneti yoyera ndi khola lodzaza ng'ombe zogula kutali. Chimene ankafuna tsopano chinali mkazi wachiwiri wodziwa Chingelezi.

Mlomo wawo pa nkhani imeneyi anali a Jonah, mng'ono wawo wa a Eston. Munthu ameneyu, ndikuuzeni, khasu ankaliona ngati mdani, koma pakamwa pake panali poterera ngati therere. Ankadziwa kuti ng'ombe za malowolo zikalowa m'khola la mkulu wake, munda wakenso udzalimidwa ndi pulawo.

A Eston anali munthu wopemphera. Ng'ombe ankazifuna, zimenezo tisabise, koma ankaopa Mulungu. Tsiku lina anaitana a Haswell Nyirenda, mkulu wa mpingo, nkhalamba imene inkamugulira Yunike makope chiyambire Giledi 1, ndipo analumbira pamaso pawo.

"Ine sindikakamiza mwana. Akavomela yekha, ng'ombe zilowe. Akakana, apite ku sukulu, ngakhale nditagulitsa malata a nyumba iyi. A Nyirenda, inu ndinu mboni."

A Eston anamufunsa Yunike katatu. Katatu konse anagwada n'kuyankha kuti, "Adada, ine ndifuna sukulu."

2. Mawu a azakhali

Mayi ake a Yunike anamwalira iye ali wamng'ono. Anamulera ndi azakhali ake, a Faides, mlongo wawo wa a Eston, amene mtsikanayo ankawaitana kuti ankhazi monga amachitira kwawoko. Anali mayi wamasiye, wosoka zovala ndi makina a manja, wosaseka pachabe.

Lachitatu m'mamawa, a Faides anatulutsa njinga yawo n'kuyamba kupopa tayala. Atamaliza anamukoka Yunike pa mkono.

"Khala pansi apa undimve, mwana wa mlongo wanga. Wakutsina khutu ndi mnansi. Lelo ukupita ku boma wekha, ndipo ku boma kuli a Mtonga. Usaganize kuti popeza wakana katatu ndiye kuti nkhani yatha. Kwathu kuno anthu sakhulupilila pakamwa pa mtsikana. Amati pakamwa pamakana chifukwa cha manyazi, ndiye amayang'ana manja ako ndi mapazi ako. Ukakwela galimoto yake, wavomela. Ukalandila mpango wake, wavomela. Koma choposa zonse, usapise dzanja m'mbale imene iye akudyamo. Mbale imodzi ndi ya mwamuna ndi mkazi wake. Ngakhale mlongo wako weniweni akakula simudyela pamodzi, nanga mwamuna wa eni ake?"

"Ndamva, ankhazi."

"Sunamve, sindinathe. Ukundiona ine ndi makina anga osokelawa? Ine ndinali wanzelu m'kalasi kuposa adada ako. Ndili Sitandade 5 tinapita kukagulitsa mtedza kumsika. Dzuwa linatiwotcha tsiku lonse, m'mimba mulibe kanthu. Mwamuna wina amene ankandifuna anagula mbale ya mbatata yophika n'kukhala pafupi nane. Ndinatolamo kamodzi. Kamodzi chabe, Yunike! Anthu anaona. Ndinalila, ndinalumbila, ndinagubuduka pansi, koma akulu anati dzanja lanena kale. Mwezi usanathe ndinali kutunga madzi kwa eni. Zaka makumi atatu ndinakhala ndi munthu amene sindinamufune, chifukwa cha chidutswa cha mbatata. Iwe usakhale ine. Njala ikakugwila, meza malovu. Njala imatha, koma ukwati wotele suutha."

Atatero anamupatsa kansalu kamene anamangamo chimanga chokazinga ndi mango awiri. Fomu anaiika m'pepala la pulasitiki kuopa mvula, n'kuilowetsa m'chikwama.

"Ukakadinditsa, ubwelele pomwepo. Usacheuke."

3. Pamzere wa kuchipatala

Msewu unali wamatope chifukwa mvula inagwa dzulo lake. Pena Yunike ankapalasa, pena ankatsika n'kumakankha njinga. Anafika pa boma dzuwa litakwera.

Kuchipatala anapeza mzere wautali. Kutsogolo kwake kunali mayi wina wochokera kuchigwa, atabereka mwana wowonda amene ankangolira ndi mawu otheratu. Mayiyo anati anayenda masiku awiri, ndipo chidyereni dzulo m'mawa. Yunike anamasula kansalu kake n'kumupatsa mango onse awiri. Ataona mmene mayiyo ankadyera, anamupatsanso chimanga chonse. Kodi inu mukanatani?

Nthawi yake itakwana, achipatala anamuyeza Yunike kulemera, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anamumvetsera pachifuwa. Kenako namwino anamuuza kuti adokotala ali ndi wodwala mwakayakaya, ndipo fomu adzaidinda ikakwana 2 koloko masana.

Yunike anatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, atagwira njinga. M'mimba munayamba kulira. Mutu unkachita ngati ukuzungulira. Anameza malovu monga anamuuzira azakhali ake, koma malovu ake anali atauma.

Tsoka silinunkha. Ali chikhalire anamva mawu odziwika.

"Aa! Si mwana wathu uyu? Monile, Yunike!"

Anali a Jonah, atavala jekete yobwereka, akutafuna kamtengo ka machesi. Yunike anagwada n'kuwomba m'manja.

"Yewo, adada ang'ono."

"Milomo yauma chonchi, wadya iwe? Mwana wa mkulu wanga afe ndi njala pa boma ine ndilipo? Anthu adzati chiyani? Nyamuka, tiye ukadye."

"Ndili bwino, adada ang'ono. Ndidikila adokotala."

"Adokotala sathawa. Ukukana ine? Kapena sukulu yayamba kale kukuphunzitsa mwano usanapiteko?"

Mawu amenewo anamubaya. Mng'ono wa atate ako ndi atate ako, sumukana pamsewu anthu akuona. Yunike ananyamuka n'kuwatsatira, akukankha njinga.

4. Kwa Mayi Noi

Kuseri kwa msika, pafupi ndi pamene maminibasi a ku Chipata ankaimirira, kunali kanyumba kamene kale kanali ka telala. Tsopano kanali kalesitilanti. Anthu a pa boma ankangoti kwa Mchaina, ngakhale mwini wake anatopa ndi kuwauza kuti iye si Mchaina, kwawo ndi ku Thailand. Dzina lake linali Mayi Noi. Anabwera kutsatira mwamuna wake wogula miyala, ndipo poti mwamunayo ankakhalira kuyenda kumigodi, iye anayamba kuphikira alendo anzake. Pang'ono ndi pang'ono a kalaliki a m'maofesi ndi ogulitsa miyala anayamba kulowamo kukalawa.

Fungo linawachingamira ali panja. Munali adyo, tsabola, ndi udzu wa mandimu uja timathira mu tiyi. Yunike anali asanamvepo fungo lotero, ndipo m'mimba mwake munalira mokweza mpaka anachita manyazi.

Kenako anaona vaneti yoyera itaima pambali pa nyumba. Anaima chilili.

"Adada ang'ono, muli a Mtonga umu."

"Nanga lesitilanti ndi nyumba yawo? Wakuitana ndine. Ndiponso iwe wophunzila sudziwa kuti m'lesitilanti aliyense amadya m'mbale yake? Kuno ndi ku boma, si kumudzi."

Zimenezo zinali zoona, ndipo Yunike ankazidziwa. Chaka chatha anabwera ndi timu ya netibolo ya pasukulu pawo, ndipo atadya kumsika aliyense anapatsidwa mbale yakeyake. Anayang'ana njira yobwerera kuchipatala. Anayang'ana chitseko. Anatsamiritsa njinga kukhoma n'kulowa.

M'katimo munali matebulo anayi okha, oyalidwa pulasitiki wa maluwa. Pakhoma panali kalendala ya chithunzi cha njovu ndi zilembo zopiringizika. A Bornwell anali pa tebulo la pakona, wotchi ikunyezimira padzanja.

"Fikani, NyaZimba, khalani apa," anatero akumwetulira.

Palibe amene anamuitanapo ndi dzina la mfunda wake chotero. Ndi mmene amaitanira akazi a pabanja. Yunike anapereka moni maso ali pansi, n'kukhala pampando wa kutali, pafupi ndi a Jonah.

Kukhitchini kunatuluka mayi wamfupi, wa tsitsi lomanga kumbuyo, atavala chitenje cha kuno komwe. Anaphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Yunike anatsetsereka pampando, anagwada n'kuwomba m'manja. Mayiyo anaseka mokondwa n'kumudzutsa.

"Mwana wabwino," anatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Njala? Ine phika manje."

5. Masupuni awiri

Posakhalitsa Mayi Noi anabweretsa mbale zitatu, iliyonse ili ndi mpunga wake, supuni ndi foloko. Yunike anapuma mpweya wautali. A Jonah sananame, aliyense anali ndi mbale yake.

Koma mayiyo anabwereranso kukhitchini. Potuluka ananyamula mbale imodzi yaikulu yakuya, n'kuikhazika pakati penipeni pa tebulo. Munali nkhuku yoduladula m'msuzi wobiriwira wa mkaka wa kokonati, ndi timabiringanya tating'ono ndi masamba onunkhira. Mbale ina ya ndiwo panalibe.

"Kwathu ndiwo pakati," anatero Mayi Noi monyadira. "Onse tunga pamodzi."

A Jonah anatunga kawiri ndi supuni yawo, anameza mofulumira, kenako anadzimenya pamphumi.

"Aa, ndaiwala munthu pamabasi! Idyani, ndibwela manje manje."

Anatuluka asanayankhidwe. Iwo ankadziwa kale mmene amadyera m'nyumba imeneyi, ndipo a Bornwell ankadziwanso. Amene sankadziwa za msamphawu anali Yunike ndi mayi wophikayo basi.

A Bornwell sanamukakamize. Ankangotunga msuzi n'kumathira pa mpunga wawo, akudya mwachifatse ngati munthu wodikira basi. Yunike anayamba kudya mpunga wokhawokha, wopanda ndiwo. Unali wonunkhira, koma unkamuima pakhosi.

Mayi Noi anali ataima pakhomo la khitchini akuyang'ana. Nkhope yake inasintha. Anabwera n'kuwerama pafupi ndi mtsikanayo.

"Ndiwo zoipa?"

"Iyayi, amama, zabwino."

"Tsabola pang'ono chabe. Ine ika pang'ono chifukwa iwe."

Yunike anayesa m'Chingelezi cha kusukulu. Anapempha kuti ngati n'kotheka amupatse kambale kakekake ka ndiwo. Mayi Noi anamva, koma anamva ndi mtima wa kwawo. Anagwedeza mutu mwachisoni.

"Wodya yekha, wakwiya. Iwe wakwiya ine?"

"Iyayi, amama!"

Mayiyo anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kachithunzi kothetheka m'mbali. Panali mtsikana wovala yunifolomu ya sukulu, wa msinkhu wa Yunike.

"Mwana wanga. Ali kwathu, kutali. Zaka ziwili ine osaona. Iye konda ndiwo izi." Anaphatikizanso manja pachifuwa, maso ali ndi misozi. "Iwe idya, ine ona. Chonde."

Abale inu, mwana akanatani? Azakhali omwe aja amene anamuletsa mbale ya mwamuna ndi amenenso anamuphunzitsa kuyambira ali wamng'ono kuti kukana chakudya cha mayi wamkulu ndi kumutukwana. Yunike anayang'ana pakhomo. Panalibe munthu. Anayang'ana pawindo. Panalibenso munthu. Anatambasula dzanja n'kutunga.

Ndisakunamizeni, ndiwozo zinali zokoma. Zinali zowawa tsabola, zotsekemera, zowawasa, zonse pakamodzi. Njala imene anaipondereza tsiku lonse inadzuka ndi ukali. Mayi Noi anawomba m'manja n'kuthamangira kukhitchini. Yunike anatunganso kachiwiri. Potunga kachitatu, a Bornwell analowetsa supuni yawo nthawi yomweyo, ndipo masupuni awiriwo anagundana m'mbalemo, ngwee!

"Mwaona nokha, akulu a mpingo. Ine sindinanene kanthu."

Anali mawu a a Jonah. Anali ataima pakhomo, ndipo pambali pawo panali a Haswell, atanyamula kathumba ka mchere ndi botolo la palafini. Nkhalambayo inabwera ku boma kudzagula zapanyumba, ndipo a Jonah anaipeza pamabasi n'kuilonjeza malo m'vaneti.

A Haswell anavula chipewa pang'onopang'ono. Anayang'ana mbale, anayang'ana masupuni, kenako anayang'ana mtsikanayo.

"Yunike, mwana wanga. Ine ndimayesa ufuna sukulu."

Supuni inagwa pansi. Yunike anagwada pa simenti.

"Agogo, si mmene mukuganizila! Kuno amadya choncho. Amayi awa ndi amene anandipempha. Adada ang'ono anati aliyense adya m'mbale yake!"

"Ine?" anatero a Jonah akutambasula manja. "Ine ndinalipo pamene unatunga?"

"Manyazi chabe," anatero a Bornwell akupukuta pakamwa. "Atsikana onse amatelo."

A Haswell anapukusa mutu. Sanali munthu woipa, koma anali munthu wa kwawo, ndipo anayankhula zimene ankadziwa.

"Ndakhala zaka zambili, mwana wanga. Ndaona atsikana akukana ndi pakamwa kwinaku mtima uli kwina. Ine ndikanakonda maso anga akanachita khungu lelo. Koma adada ako anandiika kukhala mboni, ndipo mboni imanena chimene yaona. Ukanandiuza poyamba, sindikanataya mawu anga kukumenyela nkhondo."

Nthawi yomweyo Mayi Noi anatulukira ndi mbale ya mango oduladula, akumwetulira, poganiza kuti abale ena abwera kudzadya. Anadabwa kuona mtsikana ali chogwada akulira.

"Tsabola?" anafunsa. "Ine pepa, mwana. Madzi?"

Yunike anadzuka, anatola chikwama chake n'kuthamangira panja.

6. Nkhwangwa kukhola

Itakwana 2 koloko adokotala anadinda fomu. Anamuuza kuti thupi lake lili bwino, akalimbikire sukulu, mwina tsiku lina adzabwera kudzawathandiza ntchito pachipatalapo. Yunike anathokoza ndi mawu osamveka.

Ali pakati pa ulendo wobwerera, vaneti yoyera inamupeza. Inachepetsa liwiro, ndipo a Bornwell anatulutsa mutu.

"Kwezani njinga kumbuyo, NyaZimba. Manje mukuopanso chiyani?"

Yunike sanacheuke. Anapalasabe. Vaneti inadutsa n'kumuwaza matope pa siketi. A Jonah anali kumbuyo akuseka, ndipo a Haswell anali kutsogolo atazolika.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Asanaone nyumba anamva nkhwangwa ikulira, go! go! go! Ankaganiza kuti ndi wina akuwaza nkhuni. Atakhota pa mtengo wa mango, anaona kumene nkhwangwayo inkalirira.

Atate ake anali kukhola. Mitengo yakale yowola anali ataizula n'kuiunjika pambali. Yatsopano isanu inali itaima kale, yonyowa, yosenda kumene. Anali akusongola ina.

Yunike anagwetsa njinga n'kukagwada patali pang'ono. Anatulutsa fomu m'pulasitiki muja n'kuitambasula ndi manja awiri.

"Adada, adinda."

A Eston sanayang'ane pepalalo. Sanamuyang'anenso mwana wawo. Maso awo anali pa mtengo umene ankasongola.

"A Nyirenda anali pano. Ndikufunsa funso limodzi, ndipo iwe sunandinamizepo chibadwile. Unadya m'mbale imodzi ndi a Mtonga?"

"Adada, kumeneko ndiwo amaika pakati, ndiye amayi aja..."

"Sindinafunse za amayi. Unatunga kapena sunatunge?"

Yunike akanatha kunama. Koma a Haswell anaona, ndipo iye sanaleredwe m'bodza.

"Ndinatunga."

"Kangati?"

"Katatu."

"Unakana katatu, watunga katatu." A Eston anatsitsa nkhwangwa. Mawu awo ankanjenjemera, ndipo sizinkadziwika ngati chinali chisoni kapena mpumulo wa munthu amene wapeza pothawira. Mwina zinali zonse ziwiri. "Ine ndinalumbila kuti sindikukakamiza, ndipo sindinakukakamize. Mudzi wonse wamva kale. Ndikakutumiza ku sukulu manje, adzati Zimba walola mwana wake kudya za mwamuna n'kuthawa. Ndani adzakulemekeza? Madzi akatayika sawoleka. Ng'ombe zibwela Loweluka."

"Adada, ine ndifuna sukulu!"

Nkhwangwa inagwanso pa mtengo. Go!

A Faides anali ataima pakhonde, akumva zonse. Anatsika, anamugwira Yunike pa mkono n'kumukokera kuseri kwa nkhokwe. Yunike ankayembekeza mbama, ndipo akanailandira. Koma azakhali akewo anangomuyang'ana, misozi ikutsika m'masaya osaipukuta. Chibadwire anali asanawaonepo akulira.

"Ndinakuuza, mwana iwe. Ndinakuuza m'mawa mwa lelo lomwe lino."

"Munandiuza, ankhazi. Ndinapatsa mayi wa mwana wodwala chakudya changa. Ndinayesa kupempha mbale yanga. Mayi uja analila, ndiye ine..."

"Analila?"

Yunike anafotokoza zonse, kuyambira pa mango mpaka pa kachithunzi kothetheka. A Faides anamvetsera osamudula. Atatha, anatenga fomu ija m'manja mwake, anaipinda kawiri n'kuilowetsa m'bulauzi.

"Pepala ili ligona ndi ine. Jonah akaliona aliyatsila fodya. Manje ndiuze, mayi wachilendoyo anamva pamene unapempha mbale yako?"

"Anamva."

"Amayankhula chinenelo chathu?"

"Pang'ono chabe, ngati mwana wophunzila kuyankhula. Ankhazi, ngakhale atabwela, akulu angamvele mlendo wosadziwa mwambo wathu? A Mtonga amagulitsa miyala kwa mwamuna wake. Angawatsutse?"

"Kaya amumvela kaya ayi, mawa ndipita kukamuitana kuti adzauze akulu," anatero a Faides. Pa nthawi yawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawaimirira. Anapita pamene panagwera njinga, anaidzutsa n'kufinya tayala lakumbuyo ndi chala. Linali litaphwa. Anatukwana chapansipansi, anaitsamiritsa pankhokwe n'kulowa m'nyumba kukafuna pampu.

Yunike anatsala yekha, m'kamwa mukadali kuwawa tsabola wa Mayi Noi. Kukhola atate ake anali akudzutsa mtengo wachisanu ndi chimodzi.